Maluwa anga a ku Salima anadzawolera pazenera ku Mchengautuwa

Tinasamukira ku Mzuzu mwezi wa Epulo, bambo a kunyumba atawasamutsa kuntchito kuchokera ku Salima. Tsiku lonyamuka, anyamata akukweza katundu mulole, ine za kabati ndi mbale sindinkazilabadira kwenikweni. Mtima wanga unali pa beseni limodzi lalikulu limene ndinandandalikamo maluwa anga asanu ndi awiri. Beseni limenelo ndinakhala nalo pamiyendo ulendo wonse, kudutsa Nkhotakota, Dwangwa, mpaka Nkhata Bay pamene msewu umatsanzikana ndi nyanja n'kuyamba kukwera. Tisanafike n'komwe m'tauni ndinapempha adalaivala kuti atseke galasi. Mphepo yake inali ina.

Ndikati maluwa ndikunena zomera zija za masamba onenepa, zosunga madzi m'thupi mwake, zimene ogulitsa m'mbali mwa msewu amazitcha ma succulent. Ndinali ndi aloe vera awiri, jade mmodzi amene tsinde lake linali litakula ngati chala chachikulu cha kumanja, echeveria atatu, aja masamba awo amasanjana ngati kakabichi, ndi sansevieria mmodzi wa masamba aatali osongoka ngati lupanga. Wotsirizayu anandipatsa ndi apongozi anga aakazi. Nditamva kuti m'Chingerezi ena amamutcha lilime la apongozi ndinaseka ndekha kukhitchini, koma eni akewo sindinawauze mpaka lero.

Ku Salima maluwawa sanandivutitsepo. Dzuwa la kunyanja limaumitsa dothi la mumphika m'masiku awiri, ndiye ndinkathirira Lachitatu ndi Loweruka, osaphonya, ngati masiku a kwaya. Chizolowezi chimenecho chinakwera lole limodzi ndi beseni lija.

Nyumba imene tinapeza ku Mchengautuwa inali ya malata, yopanda siling'i. Pabalaza panali zenera lalikulu loyang'ana kum'mwera, m'munsi mwake muli kashelefu ka simenti kokwana bwinobwino miphika isanu ndi iwiri. Ndinati awa ndi malo a maluwa anga, ndipo alendo akalowa azionera pomwepo.

Meyi anadutsa bwino. Mu Juni ndi mmene Mzuzu anandionetsa khalidwe lake. Nkhungu inkafika pakhomo penipeni, nthawi zina mpaka cha m'ma 9 koloko osaona nyumba ya tsidya la msewu. Masiku ena kamvula kowaza kaja, kosanyowetsa msanga koma kosaleka, kankakhala kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ana ankapita kusukulu atavala majuzi awiriawiri. Ine Lachitatu ndi Loweruka, jagi m'manja.

Woyamba kudwala anali echeveria wamkulu. Masamba a m'munsi anasanduka achikasu, oonekera mkati ngati anyezi wokazinga. Nditagwira limodzi linangophulika m'zala, madzi okhaokha. Ndinanyamula mphika kuti ndione bwino, mutu wonse wa duwalo unangoti gwe patebulo, kusiya kachitsa kakuda bii. Fungo lake linali la mbatata yowolera m'thumba. Dothi nditalifinya m'dzanja linatuluka madzi, lozizira ngati lachokera mufiriji, chonsecho ndinali nditathirira masiku atatu apitawo.

Apa ndi pamene ndinachita zopusa kwambiri, ndipo ndikuzinena chifukwa ndamva amayi ena akuganiza chimodzimodzi. Ndinati duwali lafa ndi chisanu, ndiye otsalawa afunika kufunditsidwa. Madzulo ndinkasendeza mbaula pafupi ndi zenera, ndipo madzi othirira ndinayamba kuwafunditsa pang'ono ngati osambitsira khanda. Masamba a sansevieria oyang'ana kumbaula anauma m'mbali ngati fodya. Makala akazima cha pakati pa usiku, kuzizira kunkalowa ndi malata ndi galasi n'kupeza dothi lili chinyowere. Pofika pakati pa Julayi echeveria wachiwiri anali atapita, jade akuyoyola masamba ndi kungomukhudza, ndipo sansevieria wa apongozi anafewa m'tsinde, masamba ake n'kumagwa limodzilimodzi ngati ofooka ndi malungo. Mbaula ija inatipwetekanso mitu tokha. Makala m'nyumba yotseka mazenera amatulutsa mpweya umene umapha anthu ali m'tulo, choncho musayerekeze, kaya ndi chifukwa cha duwa kaya cha mwana.

Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala mayi wina wachikulire, mbadwa ya kuno, amene tonse tinkangoti amama. Pansi pa denga la khitchini yawo, kumbali imene kumawomba dzuwa, panali aloe vera wamkulu m'phale la mphika wosweka. Palibe tsiku ndinawaona akumuthirira. Nkhuku zinkamupalasa, zidzukulu zinkamuthyola masamba wina akapsa ndi phala, koma iye anali wonenepa, ana ake atazungulira mphika wonse. Tsiku lina m'mawa ndikutaya dothi lonunkha lija kudzala, anandiona.

"Mwauka uli, mwana wane? Kodi n'chiyani chimenecho?"

Ndinawafotokozera kuti kuzizira kwa kwawo kuno kukundithera maluwa. Anabwera, natenga dothi pang'ono, nalinunkhiza. Kenako analoza chingwe changa choyanikira.

"Zovala izi munachapa liti?"

"Lolemba, amama."

"Lero n'Lachinayi. Zauma?"

"Ayi, zikadali zachinyezi."

"Nanga malaya opyapyala ali pamphepo akukanika kuuma, dothi lili mumphika m'nyumba liuma bwanji? Inu mukuwamwetsa ngati ali ku Salima. Wanga uja amamva chisanu kuposa anu, amagona panja. Koma amagona ndi mapazi ouma."

Safunsa anadya phula, ine ndinadya miyezi iwiri yathunthu.

Loweruka lotsatira kunabwera mwana wa achemwali anga amene ankaphunzira za nkhalango ku Mzuni. Atamva nkhaniyi anandifunsa kuti pazenerapo pamazizira madigiri angati. Ndinamuonetsa foni. Anaseka. Anati azakhali, foni ikunena za mzinda, sikudziwa za zenera lanu. Tinapita m'tauni kusitolo ya zaulimi n'kugula themometa ija alimi a nkhuku amapachika m'khola la anapiye, yotchipa ndithu. Kwa sabata ziwiri ndinkadzuka cha m'ma 5 koloko m'mawa, nthawi imene kumazizira kwambiri, n'kumawerenga, tsiku lililonse malo ena, ndikulemba kumapeto kwa kope la homuweki la mwana.

Zimene ndinapeza zinandidabwitsa. Pakashelefu ka simenti kaja, pafupi ndi galasi, panali madigiri 8 kapena 9. Pamwamba pa kabati, pakhoma la mkati lolekanitsa balaza ndi chipinda, panali 14. Panja pabwalo, pansi penipeni pa udzu, usiku wopanda mitambo, ndinawerengapo 5. Pakhonde la kumpoto, pafupi ndi khoma la njerwa limene limamwa dzuwa tsiku lonse, panali 11. Nyumba imodzi, usiku wofanana, koma ngati maboma anayi osiyana. Ndipo masana pazenera langa lokondedwa lija sipankapitirira 17, dzuwa osalowapo ngakhale kamphindi.

Chifukwa chake n'chakuti ife tili kum'mwera kwa equator, mzere uja wogawa dziko lapansi pakati. M'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa mopendekera kumpoto, ndiye zenera loyang'ana kum'mwera limangolandira kuwala kozimiririka pamodzi ndi mphepo ya mwera. Ndinasankhira maluwa anga malo ozizira ndi amdima kuposa onse m'nyumbamo, chifukwa choti alendo aziona.

Mzuzu ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,250 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere, pomwe Salima ali cha m'ma 500. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene wakwera, ndiye kusiyana kumene ndinakumva pokwera kuchokera ku Nkhata Bay sikunali kwa m'maganizo. Kuno mu Juni ndi Julayi usiku kumatsika kawirikawiri pansi pa madigiri 10, masana n'kumangozungulira pa 20. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene a ku Karonga ndi ku Salima akugona pakhonde, kuno masana sikufika pa 30 kawirikawiri.

Tsono zomerazi zimafuna zotani? Zambiri mwa zimene timasunga m'nyumba zimakondwa masana kukakhala pakati pa madigiri 18 ndi 27, usiku n'kutsika kufika pakati pa 10 ndi 15. Koma sizipirira mofanana, chifukwa kwawo n'kosiyana. Echeveria kwawo ndi ku Mexico, makamaka m'mapiri, jade ndi wa ku South Africa ndi Mozambique, ndipo awiriwa pamodzi ndi aloe vera amapirira mpaka cha m'ma 5 ngati dothi lili louma. Sansevieria ndi wa kumadera otentha a kumadzulo kwa Africa, kalanchoe wa timaluwa tofiira uja ndi wa ku Madagascar, ndipo amenewa kukatsika pansi pa 10 kwa masiku angapo amayamba kuvutika. Pa madigiri 0 palibenso zokambirana. Madzi amene ali m'masamba amaundana n'kuphulitsa timinofu ta mkati, m'mawa mumapeza tsamba lalefuka ngati lafutsidwa, ndipo silidzukanso. M'tauni muno chisanu chofika pamenepo sichibwerabwera, koma mpweya wozizira ndi wolemera, usiku umatsetsereka ngati madzi kukasonkhana m'zigwa. Amene muli m'mphepete mwa madambo, kufupi ndi Lunyangwa, kapena muli ndi abale ku Chikangawa ofuna kuwagawira mbewu, musasiye miphika pabwalo usiku wa nyenyezi zambiri wopanda mphepo. Usiku wotero ndi umene umazizira kuposa wa mitambo.

Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti, ukaona manambalawa, Mzuzu si mdani wa zomerazi ayi. Mwana wa achemwali uja anandifotokozera motere. Chimanga ndi nyemba zimatsegula timabowo ta m'masamba masana kuti zikoke mpweya, ndipo potero zimataya madzi ambiri. Zomera zonenepazi zimatseka timabowoto masana, n'kutsegula usiku kukazizira, kukoka mpweya n'kuusunga kuti ziugwiritse ntchito dzuwa likatuluka. Khonje ndi chinanazi zimachitanso chimodzimodzi. Ndiye usiku wozizirirapo zimaufuna. Anandiuzanso kuti kuli aloe wakutchire amene akatswiri anamupatsa dzina la boma lathu lomwe lino la Mzimba, Aloe mzimbana, amene amamera m'miyala ya kumapiri a kumpoto kuno, kumene kumazizira kuposa Mchengautuwa. Amakhala bwanji? Ali pathanthwe, mvula ikagwa madzi amangodutsa. Koma musapite kukazula a ku Nyika, ndi malo otetezedwa, ndipo wa kumsika ndi wokwanira.

Chimene chimapha ndi kuzizira kukakumana ndi chinyezi. Kukazizira chomera chimagona, mizu imaleka kumwa. Madzi amene mwathira amangokhala mumphika, amatsekereza mpweya, mizu imabanika, ndiye tizilombo towoletsa timapeza phwando. Choipa chake n'chakuti duwa lowola mizu limafota ngati laludzu, mwini wake n'kuwonjezera madzi. Ndi mmene ndinaphera anga.

Tinakhutula miphika yonse yotsala pa chiguduli. Mizu yakuda ndi yoterera tinaidula ndi lezala latsopano mpaka pofika poyera. Echeveria wotsala ndinamudula mutu, jade ndinamuchotsa nthambi zitatu zabwino, ndipo kwa sansevieria kunapulumuka tsamba limodzi lokha, limene ndinalidula zidutswa zitatu. Zonsezi sindinazibzale tsiku lomwelo. Ndinaziyala pa nyuzipepala pamwamba pa kabati masiku asanu kuti mabala aume, apange kakhungu, chifukwa bala laliwisi likakhudza dothi lonyowa limawola. Zidutswa za sansevieria muzikumbukira mbali imene inali pansi, mukazika chadodolido sizimera.

Dothi ndinasinthiratu. Katondo wofiira wa kuno amagwira madzi ngati phala, akauma n'kulimba ngati njerwa. Panopa ndimasakaniza mbale ziwiri za mchenga wa kumtsinje wa njere zikuluzikulu, osati wosalala wa pulasitala uja, mbale imodzi ya njerwa zowotcha zophwanyaphwanya ndi nyenyeswa za makala, ndi mbale imodzi yokha ya dothi lakuda la pansi pa mtengo. Manyowa a nkhuku ayi. Zitini za penti ndi mabigiri odula ndinazisiya, ndinagula miphika yadothi kumsika n'kuiboola pansi pang'onopang'ono ndi msomali. Mphika wadothi umapuma, umatulutsa chinyezi m'mbali, ndipo kuno zimenezo ndi theka la nkhondo. Kambale kolandirira madzi pansi pa mphika muzikakhuthula, kasagone ndi madzi.

Masiku a kwaya aja anatha. Panopa ndili ndi kamtengo kansungwi kamene ndimabaya nako dothi mpaka pansi, monga timayesera chigumu ngati chapsa. Kakatuluka ndi dothi lomata kapena kozizira, jagi ibwerere. Kakatuluka kouma mbee, ndimadikirabe tsiku ladzuwa, n'kuthirira cha m'ma 10 koloko m'mawa, mokwanira mpaka madzi atuluke pansi, osathira pakati pa masamba. Madzulo sindithirira. Mu Juni ndi Julayi pamatha sabata zitatu kapena zinayi ndisanathirire, ndipo sansevieria nthawi zina amadutsa miyezi iwiriyo osalawa kanthu. Tsamba likachita makwinya pang'ono si maliro, likamwa limadzazanso. Lofewa ndi lachikasu lija ndiye silibwerera.

Ndikanakonda kunena kuti kuyambira pamenepo ndinachenjera, koma Okutobala anandigwiranso. Nditaona kuti ayamba kuphukira, ndinati awa avutika ndi mdima, adye dzuwa. Ndinawatulutsa onse tsiku limodzi n'kuwaika kukhonde la kumadzulo, pansi pa malata aafupi, jade ali mu kamphika kakuda ka pulasitiki kamene ndinali ndisanasinthe. Pobwera kumsika cha m'ma 3 koloko themometa ya anapiye inali pa 36, chonsecho foni ikuti 28. Kamphika kakudako sikankagwirika. Masamba a echeveria anatuluka zigamba zoyera, kenako zabulauni, ngati chitenje chopsa ndi ayironi, ndipo aloe vera anafiira thupi lonse. Kufiirako kunatha nditamubwezera pamthunzi, koma zigamba za kupsa sizichoka mpaka tsambalo litakalamba n'kugwa lokha. Kukapitirira madigiri 32, makamaka pamalo opanda kamphepo, zomerazi zimaima kukula, ndipo chimene chakhala m'nyumba miyezi ingapo khungu lake ndi lanthete. Muzichizoloweza, ola limodzi la dzuwa la m'mawa, mawa lake awiri, mpaka sabata ziwiri.

Mvula ya kuno nayo ndi nkhani ina. Imachedwa kutha, Malichi ndi Epulo kumagwa mvumbi wa masiku, ndiye kuzizira kumalowa nthaka isanaume. Mphika umene wamwa mvula ya mu Epulo ukhoza kufika mu Meyi uli chinyowere. Dzinja lonse maluwa anga amakhala pansi pa denga, pamene mvula yamphepo siifika. M'nyengo yachinyezi yomweyi mumabisala tizilombo toyera ngati thonje m'makwapa mwa masamba, ndipo nyerere zikamakwera mphika ndiye kuti tilipo. Ndimatipukuta ndi kathonje koviika mu sipiliti.

Mmene zilili lero, echeveria, jade ndi aloe vera amakhala pakhonde la kumpoto chaka chonse, pa benchi, osati pansi pa simenti, moyandikana ndi khoma la njerwa limene limabweza kutentha usiku. Nyengo yozizira dzuwa limawapeza pomwepo, ndipo mu Disembala likapendekera kum'mwera denga limawaphimba. Usiku ukakhala wa nyenyezi ndi kuzizira kolasa m'mafupa ndimawafunditsa chitenje chakale kapena nyuzipepala, osati pepala la pulasitiki, limene limachita thukuta mkati. M'mawa ndimavundukula. Kuzizira kwa Julayi pamodzi ndi dzuwa kumawapaka jade ndi echeveria mlomo wofiira m'mphepete mwa masamba, kukongola kumene ku Salima sindinakuonepo. Wina akatalika n'kumaonda, masamba atatalikirana, ameneyo akusaka kuwala, osati madzi kapena feteleza. Sansevieria yekha ndi amene amalowa m'nyumba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kutali ndi galasi. Pa zidutswa zitatu zija panamera ziwiri, patadutsa miyezi yambiri ndithu, moti ndinatsala pang'ono kuzitaya.

Julayi wathayu apongozi anabwera kudzationa. Anatsika basi atadzikulunga zitenje ziwiri ndi bulangete la mwana, akudandaula kuti kuno anthu amakhala bwanji. Tsiku lachitatu madzulo, ndikupakula nsima, ndinawaona aima pafupi ndi kabati akuyang'ana duwa lawo lija, laling'ono kuposa mmene anandipatsira. Analowetsa chala m'dothi, napukusa mutu.

"Mayi a ana, duwali mukulizunza. Dothi lauma ngati la pachulu."

Anatenga kapu, natunga madzi mundowa. Mtima wanga unangoti phwii. Apongozi sugwira dzanja. Ndinasiya chipande, ndinapita n'kugwada pambali pawo.

"Amayi, chitenje chanu munachapa tsiku mwafika chija, kodi chauma? Ndimafuna ndikusitireni."

Anatuluka ndi kapu yawo m'manja kukachigwira pachingwe. Anakhalako kanthawi. Pobwera anandiyang'ana, anayang'ana duwa, kenako madzi aja anawathira muketulo.

"Ikani pamoto, timwe tiyi. Kuno n'kwachilendo."